Chenjezo kwa eni magalimoto akale: galimoto yozima yokha sinalodzedwe

Ndikulemba mawu awa kwa inu ana anga ndi adzukulu anga amene mumayendetsa magalimoto akale m'misewu ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mpaka kutsikira ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, chifukwa khalidwe limene ndikuliona masiku ano likundisowetsa mtendere. Galimoto ikazima yokha pamsewu kenako n'kuliranso patapita kanthawi, ambiri a inu mumangoseka n'kunena kuti yachita mwano, ena mpaka kuloza chala mnansi kuti ndiye waitchera mankhwala, ndipo m'mawa mwake mumakwezamo anthu ndi matumba a mbatatesi ngati palibe chachitika. Vuto limene labisala lero silinachoke ayi, likungodikira tsiku limene mudzakhale pamtsetse usiku, lole yodzaza katundu ikukupumirani kumbuyo.

Mwana wa mlongo wanga ali ndi Toyota yakale ya petulo imene amanyamulira mbewu kuchokera ku Ulongue kupita nazo ku Tete. Kuno kumtunda, kumene m'mawa kumazizira, galimotoyo inkayenda popanda chodandaulitsa, koma akangodutsa Mussacama n'kuyamba kulowa m'dziko lotentha, injini inkazima mwadzidzidzi ngati munthu waitsekera kiyi. Ankaima pambali pa msewu kwa theka la ola, akaliza n'kulira bwinobwino. Anapita kwa makaniko wina wachinyamata amene anasintha mapulagi, ulendo wachiwiri n'kusintha pampu ya mafuta, wachitatu n'kumugulitsa batire latsopano, ndipo ndalama za mbatatesi za chaka chonse zinathera m'zitsulo zimene sizinalakwe kanthu. Pa maulendo atatu onsewo panalibe amene anafunsa funso loyamba limene munthu wodziwa ntchito amafunsa, lakuti galimotoyo imazima nthawi yanji.

Ndinakwera naye ndekha, maso anga ali pa kamuvi kosonyeza liwiro la injini. Itafika nthawi yake, kamuviko kanagwa mpaka pansi nthawi imodzi, popanda injini kutsokomola kapena kunjenjemera, pamene nyali zonse za kutsogolo kwa dalaivala zinali zowala ndipo sitata inkazunguza injini mwamphamvu. Pamenepo batire linali litadziyeretsa lokha pamlandu. Pampu ya mafuta ikamafooka, kawirikawiri galimoto imayamba yatha mphamvu ndi kudukizadukiza isanazime, choncho nayonso sindinaikayikire kwenikweni. Tinayesa moto wa kumapulagi ndipo kunalibe. Ndinatenga botolo la madzi akumwa n'kuthira pang'ono pa kasensa kamene kamawerenga kuzungulira kwa kirankishafuti, chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini, ndipo galimoto inalira pompo, osadikiranso theka la ola lija. M'kati mwa kasensako muli waya woonda ngati tsitsi, amene akakalamba amalekana akatentha n'kugwirananso akazizira, ndipo kompyuta ya galimoto ikasiya kumva uthenga wake imadula moto ndi mafuta. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma inu mumafuna kuti nthenda ipezeke galimoto ili chiimire pamthunzi, injini ili yozizira, pamene nthendayo imabwera ndi dzuwa la ku Moatize.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muzisunga kabuku m'galimoto ndipo muzilembamo nthawi iliyonse imene vutolo labwera: ngati injini inali yotentha kapena yozizira, ngati munali mutangogunda dzenje, ngati kunagwa mvula kapena munali mutaitsukira kumtsinje, ngati nyali zinali zoyaka, ndiponso mafuta anali ochuluka bwanji m'thanki. Vuto lobwera pamabampu limaloza ku waya wosagwira bwino, lobwera ndi mvula limaloza ku koyilo yong'aluka (koyilo ndi imene imapereka moto kumapulagi) kapena mawaya a mapulagi, ndipo lobwera mukayatsa nyali nthawi zambiri limaloza ku waya wa nthaka.

Waya wa nthaka ameneyu, wochokera ku negetivi ya batire kupita kubodi ndi kuinjini, ndi amene mumamunyoza kwambiri. Akachita dzimbiri kapena akamasuka, galimoto imachita zinthu zooneka ngati zamizimu: mukaponda mabuleki indiketa imayaka, geji ya kutentha imakwera mukayatsa nyali, sitata imangoti kha lero, mawa n'kulira. Ndimakuonani pamsika mukukhoma mitu ya batire ndi mwala, ufa woyera ndi wobiriwira uli mbuu pamenepo, m'malo momasula, kutsuka ndi madzi a soda, kupala mpaka chitsulo chiwale n'kumanga bwino. Kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter n'kotsika mtengo kuposa batire limene mumathamangira kugula. Batire lodzaza limasonyeza mavoti pafupifupi 12.6 injini ili chizimire, ndipo injini ikamalira liyenera kusonyeza pakati pa 13.8 ndi 14.4 kapena pafupi pamenepo. Munthu wina agwedeze mawaya limodzilimodzi injini ikulira, wina akuyang'ana manambalawo, ndipo pamene injini yadodoma ndi pamene pali nthenda.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukudzudzulani nazo mosabisa mawu. Choyamba ndi kuzula waya wa batire injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta, chipangizo chimene chimadzaza batire, ikugwira ntchito. Nzeru imeneyi munaitengera kwa ife a magalimoto akale opanda kompyuta, ndipo tikuvomera kulakwa kwathu, koma pa galimoto yokhala ndi kompyuta magetsi amalumpha mwadzidzidzi n'kuotcha kompyutayo kapena alitaneta yomweyo. Chachiwiri ndi kumanga fyuzi yopsa ndi waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Fyuzi yofiira ndi ya maampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, ndipo inapangidwa kuti ife yokha pofuna kupulumutsa mawaya. Ikamapsa kawirikawiri ndiye kuti penapake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo galimoto ikamagwedezeka. Mukaimanga ndi kopa, chimene chidzapse ndi mtolo wonse wa mawaya pansi pa chiwongolero, anthu muli nawo m'chapa (minibasi), chitseko chili chomangidwa ndi chingwe.

Kanyali ka injini kakayaka musamathamangire kuchotsa batire kuti kazime, chifukwa pa magalimoto ambiri kutero kumafufuta zimene kompyuta inasunga, zomwe makaniko akanawerenga ndi makina ake kudzera pa kabowo ka mapini 16 kamene kali pansi pa chiwongolero. Musamayendenso ndi thanki yongonyowa pansi, popeza pampu yokhala m'thanki imaziziritsidwa ndi mafuta omwewo, ndipo petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu amalowetsa madzi ndi zinyalala zimene zimatseka sefa pang'onopang'ono.

Kwa inu amakaniko achinyamata, musamachite manyazi kuuza mwini galimoto kuti aisiye masiku awiri kuti muyende nayo mpaka vutolo lionekere pamaso panu. Mwana wa mlongo wanga uja tinamugulira kasensa kamodzi ku Tete, ndipo kuyambira pamenepo akuwoloka Zambezi osaima panjira. Pampu yake yakale, imene anauzidwa kuti yafa, ndinaiyesa pa batire ndipo ikupopa mafuta bwinobwino. Ili pashelefu m'nyumba mwanga pamodzi ndi mapulagi anayi aja.