Anatilonjeza dziko latsopano mu 2000, ine ndikudzudzulidwa chifukwa cha kabotolo

Dzulo bwana wa panyumba yosamalirako okalamba pomwe ndimagwira ntchito kuno ku England anandiitanira mu ofesi, ati ndinaponya kabotolo ka yogati m'bini yolakwika. Anandifotokozera pang'onopang'ono kuti dziko likutentha, ndipo ife ochokera ku Africa tiyenera kuphunzira kusamala chilengedwe. Ndinangoti pepani bwana, poti nonse mukudziwa kuti visa yathu ili m'manja mwa wotilemba ntchito, ndipo woyankha amalongedza zikwama.

Abale anga, munthu wa ku Chilobwe ndi wouzidwa za kusintha kwa nyengo? Mu March 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira nyumba anthu ali m'tulo, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Utsi umene unatenthetsa nyanja sunachokere pa mbaula ya mayi anga. Mayiko olemera analonjeza ku Copenhagen mu 2009 kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni pachaka pothandiza mayiko osauka pa nkhani ya nyengo, koma chakacho chinafika ndalamazo zisanakwane, ndipo palibe anaitanidwa mu ofesi. Woitanidwa ndi ine, chifukwa cha kabotolo.

Amene munali akuluakulu mukukumbukira mmene 2000 anafikira. Azungu sankagona poopa kuti makompyuta asokonekera pakati pa usiku, ife tinagona tulo tabwino poti ngakhale magetsi tinalibe. Mu September chaka chomwecho mayiko 189 anagwirizana ku New York zochepetsa umphawi wadzaoneni ndi theka pofika 2015, ndipo mu 2002 kwathu anthu ankalimbirana madeya, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Sindikana kuti zina zinatheka, chifukwa ma ARV aulere anapulumutsa abale athu ambiri ndipo ngongole yaikulu ya dziko inakhululukidwa mu 2006. Koma 2015 atakwana, zolinga 8 za chitukuko zochokera pa mgwirizano wa ku New York uja zinasanduka 17 ndipo tsiku linasunthidwira ku 2030. Atsogoleri athu nawo anaphunzira msanga luso limeneli: Vision 2020 itawakanika anatibweretsera Malawi 2063, podziwa kuti pofika chakacho wowafunsa sadzakhalaponso.

Nanga ife? Tinasiya makolo athu okalamba opanda wowatungira madzi kuti tidzasambitse makolo a eni, kenako timajambulitsa pachipale titavala majekete a pasale kuti a kumudzi aziti zikuyenda. Inenso chithunzi chotero ndili nacho, ndikumwetulira mano akugwedezeka. Walira mvula walira matope. Lendi ikudya theka la malipiro, basi yoyamba imanyamuka kusanache, Britain anachepetsa thandizo lake kwa mayiko osauka mu 2021, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo zonsezi zimathera pa foni yanga kumapeto kwa mwezi: feteleza, fizi, mankhwala, maliro. Chitukuko chimene anasainira ku New York ndikuchitumiza ndine pa Mukuru, koma ndine yemweyo wosadziwa bini!

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ana. Kuyambira March 2024 osamalira okalamba obwera kumene saloledwa kubweretsa mabanja awo, choncho anga akukulira kwa agogo awo, ndipo wamng'ono amachita manyazi kundilankhula pa WhatsApp ngati ndine mlendo. Ndikufuna ndimalize ngongole ya ulendo, ndiwamangire mayi nyumba ya malata kutali ndi phiri, wamkulu alembe MSCE, kenako ndibwerere kwathu ndikadali ndi msana wotha kugwira khasu, kuti mayi anga akadzafooka ndidzawasambitse ndekha.