Chenjezo kwa inu ofuulira asilikali a kunja pa Kamuzu Road

Ana anga a kuno ku Salima, makamaka inu anyamata a kabaza ndi a njinga zamoto amene mumaswera pa Kamuzu Road maso ali pa foni, ndimvereni ndisanatope. Masiku ano aliyense wasanduka katswiri wa ndale za kunja. Mukudziwa kuti Ibrahim Traoré analanda boma ku Burkina Faso mu 2022, kuti asilikali a ku Niger anatsekera pulezidenti wawo Mohamed Bazoum mu 2023, kuti chaka chomwecho banja la a Bongo linagwa ku Gabon. Ndiye ena mwa inu mwayamba kulemba pa Facebook kuti kuno nakonso kukufunika msilikali woti akonze zinthu. Samalani pakamwa panu. Ku Sudan anthu anavina pamene pulezidenti wawo Omar al-Bashir ankachotsedwa mu 2019, koma pofika Epulo 2023 akuluakulu awiri a asilikali anatembenukirana, ndipo anthu miyandamiyanda anathawa m'nyumba zawo. Ife amene tinaona abale athu a ku Mozambique atadzaza m'misasa ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo ya Renamo sitiitana mfuti mwachibwana. Dziko lino linasintha boma mu 1994, mu 2020 komanso mu 2025 ndi pepala lovotera basi.

Koma chondiwawa kwambiri si chimenecho. Pomwe mukukanganapo, tayang'anani m'ngalande imene ili pansi pa mapazi anu. Majumbo, mabotolo a Frozy, timapepala ta mafirizesi, zikoko za nzimbe, matewera a ana. Anataya ndani? Si a khonsolo, ndinu. Mumatamanda ukhondo wa mzinda wa Kigali, koma simunena kuti Rwanda inaletsa majumbo mu 2008 ndipo Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse anthu akumeneko amatuluka ndi makasu ndi matsache kukagwira ntchito ya m'dera lawo. Ifenso lamulo tili nalo. Mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikironi 60 (muyeso wa kukhuthala kwa pulasitiki), analetsedwa mu 2015, ndipo khoti la Supreme linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Nanga n'chifukwa chiyani mukagula tomato wa mulu umodzi mumafuna jumbo yakeyake, anyezi yakenso? Dengu la agogo anu linakulakwirani chiyani?

Mvula ikagwa zonsezi zimatseka ngalande, madzi amalowa m'mashopu, zotsalazo ulendo wa kunyanja. Pitani ku Senga Bay m'mawa mukaone matewera akuyandama pomwe amayi akutsuka mbale ndi pomwe usipa ukutsitsidwa m'bwato. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja tinalira nawo. Mwaiwala kale? Kumbani nkhuti kuseri kwa nyumba, mutayemo zowola zokha: masamba, makoko a nthochi, mango amene amawolera pansi mu Disembala, phulusa ndi ndowe. Amenewo ndi manyowa, ndipo mtengo wa thumba la feteleza mukuudziwa nokha. Mabotolo tsukani bwino mupatse amayi a thobwa, zitsulo zakale zili ndi ogula ake. Pulasitiki musamawotche pakhomo ana akupuma utsiwo, komanso musamatayire kumene kumadya mbuzi, poti mbuzi ikameza jumbo imawonda mpaka kufa.

Tsono pa mulu wa zinyalala womwewo pali munthu amene amatolapo chakudya. Mumamudziwa, munamupatsanso dzina lachipongwe. Mumamuponyera K200 kuti avine, inu n'kumajambula pa foni, madzulo kanema uja ali pa WhatsApp anthu akuseka. Zimenezi ndiye zondichititsa manyazi kuposa zonse. Munthu ameneyo ali ndi mayi ake amene anamunyamula miyezi isanu ndi inayi. Ena mwa iwo anali ana anzeru m'kalasi, ena anali asodzi olimba a ku Chipoka kapena alimi a mpunga ku Lifuwu. Misala ndi matenda, ana anga. Ena imawagwira chifukwa cha chamba ndi kachasu, zimene inunso mukumwa ndi kusuta masana dzuwa likuswa mtengo. Ena imayenda m'magazi a banja, amayi ena imawayamba atangobereka kumene, ena ndi nkhawa ya ngongole ya katapila kapena imfa ya wokondedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanunso makolo ndikudzudzuleni. Mwana akayamba kulankhula yekha, kusowa tulo masiku angapo, kuopa anthu kapena kuvula zovala, mumathamangira kuloza chala agogo a m'mudzi kuti amulodza. Mumamumanga ndi unyolo pamtengo, mumagulitsa mbuzi kulipira sing'anga, kenako mumamusiya kwa mneneri miyezi, matenda akukula. Kupemphera sindikuletsa, inenso ndimapemphera, koma yambani mwapita naye kuchipatala cha boma. Kumeneko kuli anamwino ophunzira za matenda a maganizo, ndipo akaona kuti zakula amatumiza ku Zomba Mental Hospital. A St John of God nawonso amathandiza anthu otere ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Wodwala akayamba kupeza bwino musamuleketse mankhwala panokha, poti ambiri amene mumawaona atabwerera mumsewu ndi amene anasiyira mankhwala panjira. Ndipo wa khunyu akagwa musamuthawe kapena kumuika supuni m'kamwa, khunyu sapatsirana. Mugonekeni chammbali, kutali ndi moto ndi madzi.

Pali enanso amene savula zovala, sayenda mumsika, koma akudwala chamumtima. Malipoti a apolisi amasonyeza kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna, ife amene tinaleredwa ndi mawu oti mwamuna salira. Mnzanu wa pa siteji akasiya kuseka, akayamba kugawa katundu wake, akamati "ine ndatopa nawo moyo", musamuyankhe kuti alimbe mtima n'kubwerera pa foni. Khalani naye, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe m'nyumba mwake, muuze m'bale wake wamkulu, ndipo tsiku lomwelo mumukweze pa njinga yanuyo mupite naye kuchipatala.