Nyumba ya m'mbali mwa Shire isagunde madzi

Mwera waleka, kunja kwayamba kufunda, ndipo anthu ayamba kufunsana za kokapumula pa holide ya Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala. Ambiri maganizo athamangira kunyanja, ku Salima kapena ku Cape Maclear. Ine ndikufuna ndiyankhule ndi inu amene mwaganiza zokachita lendi nyumba ya masiku awiri atatu m'mbali mwa mtsinje wa Shire, kaya ku Liwonde, kaya ku Mangochi kumene mtsinjewu umatulukira m'nyanja. Mwaganiza bwino. Koma chonde, abale anga, musalimbirane nyumba imene khonde lake lagunda madzi. Funani imene yaima patali pang'ono, pamalo okwera, pamene mtsinje mukuuona wonse muli pampando.

Ndikudziwa kuti pa Facebook nyumba yokopa ndi ija madzi akuoneka pansi pa masitepe. Kunyanja zimenezo zili bwino, pali mchenga, ana amasewera m'madzi osaya. Shire ndi wina. Ali ndi eni ake, mvuu ndi ng'ona, ndipo sanasamuke chifukwa munthu wamangapo nyumba yokongola. Mvuu imaswera m'madzi, usiku n'kutuluka kukadya udzu kumtunda, ndipo imakonda kudutsa njira yomweyomweyo. Nyengo ino tchire lauma, ndiye kapinga wothiriridwa wa pabwalo la nyumba ya alendo imamumva patali. Munthu wotuluka usiku kukatenga kanthu m'galimoto akapezeka pakati pa mvuu ndi madzi, ngozi yake ndi yaikulu. Ng'ona nayo imazolowera malo amene anthu amafikapo kawirikawiri, ndipo imadikira m'bango osaoneka. Mukapita ndi ana kapena mayi okalamba, mamita angapo amene ali pakati pa khomo ndi madzi ndiwo mtendere wanu. Mwini nyumba mum'funse mosabisa kuti, "Bambo, mvuu zimatulukira pati kuno?" Wodziwa malo ake akuuzani, mwinanso kukulozerani njirayo. Amene angayankhe kuti kuno kulibe zimenezo, ine sindingamupatse ndalama yanga.

Sindikunena izi kuti muope mtsinje. Nyamazi ndi zomwe zimakometsa ulendowu, ndipo miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yabwino kuziona, chifukwa zithaphwi za m'tchire zaphwa ndipo chilichonse chaludzu chimatsikira ku Shire. Nkhalango ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973, yasintha kwambiri chiyambire pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyendetsa mu 2015. Mikango inabwezedwamo mu 2018, ndipo njovu zinachuluka mpaka zina kusamutsidwira ku Nkhotakota ndi ku Kasungu. Mukakwera boti madzulo dzuwa litapendeka, mumaona njovu zikumwa m'munsi mwa migwalangwa, nkhwazi ikulira pamtengo, ng'ona zikuwothera dzuwa pagombe. Zonsezi zimaoneka bwino muli m'boti ndi munthu wodziwa madziwo, kapena muli pakhonde lokwera.

Kukwera kwa malo kuli ndi phindu linanso. Madzi a Shire sakhala pamodzimodzi chaka ndi chaka. Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965, imene imatsekula ndi kutseka madzi opita kumakina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nyanja ikadzaza, mtsinje kumtunda kwa zitsekozo umafufuma. Mu 2024 tonse tinaona nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi zitalowa madzi. Mu Okutobala simudzapeza madzi osefukira, koma mukhoza kupeza zotsala zake: makoma a chinyezi, fungo la nkhungu m'chipinda, dzenje la chimbudzi limene linadzaza madzi osakonzedwa bwino. Yang'anani mzere wa matope pakhoma, umanena zoona kuposa mwini wake. Ndipo nyumba ya m'munsi nthawi zambiri imayandikana ndi madzi odikha, odzaza bango ndi namasupuni, momwe mumaswana udzudzu ndi nkhono zofalitsa likodzo.

Za kutentha musazitenge mopepuka, makamaka inu ochokera ku Dedza, ku Mzuzu kapena ku Zomba. Liwonde ali m'chigwa, ndipo Okutobala wake amawotcha usana ndi usiku womwe. Nyumba ya malata yopanda siling'i simugonamo. Ya denga laudzu kapena yokhala pansi pa mitengo ikuluikulu imazizirirako, ndipo ya pamtunda ndi imene imalandira kamphepo ka madzulo. Funsani ngati mawindo ali ndi sefa yotchinga udzudzu, ngati bedi lililonse lili ndi masikito osang'ambika, ndiponso chimene chimachitika magetsi akathima: pali sola, pali jenereta, nanga madzi a m'thanki amakwera bwanji? Madzi akumwa funsaninso kumene akuchokera.

Chimene ine ndimachiika patsogolo pa matailosi ndi wailesi ya kanema ndi munthu wosamalira pamalopo. Mlonda wokulira m'mudzi womwewo amadziwa ola limene mvuu zimatuluka, msodzi wobwera ndi nsomba yaiwisi m'mawa, mwini boti amene ali ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndi njira yachidule yopita kuchipatala mwana akatentha thupi usiku. Munthu wotere mum'lemekeze ndipo pochoka mum'siyire kangachepe. Kudzera mwa iye mudziwanso ngati nyumbayo imakhala bwino ndi mudzi. Zimandipweteka kuona mpanda womangidwa mpaka m'madzi, wotseka dooko limene amayi akhala akutungapo ndi kuchapirapo kuyambira kale, n'kuwakankhira kumalo a bango kumene ng'ona imabisala. Nyumba yoteroyo, ngakhale itsike mtengo, ndalama yathu isapiteko. Kumbukiraninso kuti madera amenewa ndi a Ayao ndipo Asilamu ndi ambiri, ndiye potuluka kukagula zinthu m'mudzi tivale moyenera.

Musanatumize ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, pemphani mwini nyumba akuimbireni pa vidiyo ya WhatsApp. Ayambire pakhonde, ayende wapansi mpaka pamadzi inu mukuona, kenako abwerere akuonetseni denga, bafa ndi zipinda. Mukakhutira, perekani gawo lochepa losungitsira malo, zotsalazo mukamalize mutafika. Ndipo yesetsani kunyamuka m'mawa kuti mukafike kukali kowala, mlonda akuyendetseni pabwalo ndi kuwaonetsa ana malire amene sayenera kudumpha.