Ngati vuto ndi makoswe, tengani mphaka wamkulu

Dzulo alamu anga a ku Makawa anandiimbira kuti ndiwafunire kamwana ka mphaka, ati makoswe awaboolera matumba a usipa. Ndinawauza kuti alamu, kamwanako kadzayamba liti kugwira khoswe, usipa ukutha lero? Nkhaniyi imandikhudza, n'chifukwa chake ndati ndiilembe pano.

Ambirife kuno ku Mangochi timakhulupirira kuti mphaka wamkulu sazolowera pakhomo pachilendo, ndiye timathamangira tiana, tina tisanasiye n'kuyamwa komwe. Inenso ndinachitapo zimenezi. Ndinatenga kamphaka kongoyamba kumene kuyenda, kokwana m'dzanja limodzi, n'kumakapatsa mkaka wa ng'ombe pa chivindikiro cha botolo. Kanayamba kutsegula m'mimba, usiku wonse kulira kufuna make, ndipo sabata isanathe tinakapeza katauma kuseri kwa mbaula. Mwana wanga wamkazi anakana nsima tsiku limenelo. Pambuyo pake mlangizi wa ziweto anandifotokozera kuti kamphaka kamayenera kukhala ndi make mpaka masabata 8, komanso kuti mkaka wa ng'ombe suyanjana ndi m'mimba mwa mphaka. Ngakhale kusaka kumene kamaonera kwa make. Ndiye mukakalanda msanga, mwakalanda zambiri.

Onjezanipo akabawi, agalu a m'mudzi, ndi kutentha kwathu kwa mu Okutobala. Kanthu kakang'ono kotero kamafuna kudya kangapo pa tsiku ndi munthu wokayang'anira. Nanga inu amene mumalawirira kunyanja n'kukatandala pa thandala mpaka madzulo, akasamala ndani?

Mphaka amene ndili naye pano ndinamutenga ali wamkulu, kwa banja lina lomwe linkasamukira ku Lilongwe ndipo linkati lingomusiya. Zoti amabwerera kwawo n'zoona, koma mankhwala ake ndi kudekha. Ndinamutsekera m'chipinda chosungira chimanga kwa masabata awiri, ndi beseni la mchenga pakona, madzi, ndi usipa wopanda mchere wosakaniza ndi kansima pang'ono. Masiku atatu oyamba ankangobisala kuseri kwa matumba, maso okha kuwala. Tsiku lachinayi anatuluka n'kudzadzikhula pa mwendo wanga. Mmawa wina ndinapeza khoswe atagonekedwa pakhomo penipeni, ndipo kuyambira pamenepo phokoso la kudenga lija linatha.

Chinanso, wamkulu mumamuona khalidwe lake musanamutenge. Wofatsa amaoneka, wakuba ndiwo m'poto eni ake amakuuzani, wokanda ana naye sabisika. Kamwana simungadziwe kuti kadzakula kotani.

Ndipo musamumane chakudya poganiza kuti njala ndiyo imugwiritse makoswe. Mphaka wokhuta amasakabe, pamene wanjala amangopita kwa aneba kukaba. Katemera wa chiwewe nayenso si wa agalu okha ayi, mphaka amabayitsa kuyambira ali ndi miyezi 3. Pitani naye ku ofesi ya za ziweto, mufunsenso zomutseketsa kuti asamaswe, poti wamkazi amatenga bere asanakwanitse n'chaka chomwe.

Amphaka akuluakulu osiyidwa ali mbwee kumsika ndi m'madooko, ena ofatsa bwinobwino chifukwa anakulira m'nyumba za anthu. Alamu anga ndawapezera wamkazi wamawangamawanga kwa mayi wina wa ku Mpondasi amene ali nawo anayi. Loweruka ndikwera naye minibasi ali mu katoni yoboola.