Kanjira ka kuseri kwathu ndi khonsolo yomwe yati "tadikirani kaye"

Loweruka lapitali ndili panja kutsuka galimoto, anatulukira mdala wina woyandikana nafe, mzungu wopuma pantchito, fayilo ili m'khwapa, nkhope ili ndwii. Mumtima ndinati basi, ana anga aponyeranso mpira m'maluwa mwake. Koma ayi. Mkwiyo wake unali pa khonsolo ya tauni yathu ino, kufupi ndi Seattle, yomwe yalengeza kuti yaimitsa kaye kulandira mapempho a anthu ofuna kuti msewu kapena kanjira ka boma kafafanizidwe pamapu n'kusanduka malo awo. Kuno zimenezi amazitcha street vacation. Nditamva koyamba ndinkayesa kuti ku America misewu nayo imapita kutchuthi.

Kuseri kwa nyumba zathu kuli kanjira komwe amati alley, kopanda phula, kongokwana galimoto imodzi. Pamapu ndi ka boma. Ukafikapo ndi udzu, matope, poti kuno mvula siyisowa, ndi mabulosi aminga aja omera ngati achita kutumidwa. Mdalayu wakhala akutchetchapo zaka zambiri ndi makina ake, mafuta ogula yekha. Kawiri konse anthu anadzatayapo matiresi akutha usiku, iye n'kunyamula yekha kukataya, n'kulipiranso yekha kudzalako. Ndiye akufuna kanjirako kachoke m'manja mwa boma, atengeko gawo lake amangepo galaja. Woyeza malo anamulipira kale. Anayenda khomo ndi khomo kusainitsa anthu. Atangotsala pang'ono kupereka mapepala, khonsolo yatseka windo.

Mnzathuyu ndimamumvetsa, ndipo sindikufuna wina abwere m'makomenti kudzamutcha wakuba. Sanabe kanthu, watsata lamulo. Lamulo la chigawo cha Washington limati eni malo ogundana ndi msewuwo akasaina pempho, ndipo osainawo akhale eni a gawo loposa magawo awiri mwa atatu a malowo, khonsolo iitanitse msonkhano womva maganizo a anthu. Ikavomera, msewuwo umagawidwa pakati, theka kwa a mbali ino, theka kwa a mbali inayo. Saupereka ulere. Khonsolo ikhoza kulipiritsa mpaka theka la mtengo wa malowo, kapena mtengo wonse ngati msewuwo wakhala wa boma zaka 25 kapena kuposerapo, ndipo theka la ndalamazo liyenera kupita ku mapaki kapena ku ntchito za misewu ndi mayendedwe. Mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi zikakhala pansipo, boma likhoza kusunga ufulu wobwera kudzakumba.

Papepala zonse zili bwino. Koma taonani izi: kwa ine mdalayu sanabwere ndi cholembera, anangobwera kudzadandaula. Ine ndine wa lendi, siginecha yanga ilibe ntchito. Amene anasainira nyumba yomwe ndimagonamo ndi mwini wake, yemwe amakhala ku Arizona ndipo kanjirako sakupondako chaka chonse. Mwana wanga wamkazi, amene amadutsa pamenepo m'mawa uliwonse kupita kokwerera basi ya sukulu, palibe anamufunsa. Pali mayi wina wa m'mafulati a kumunsi amene amakankha ngolo ya mwana wake kudutsa pomwepo chifukwa msewu waukulu mbali yathu ulibe poyenda apansi, ndipo magalimoto ake amathamanga ngati akuthawa ngongole. Nayenso sali pa fayilo ija. Kanjirako kakatsekedwa, mayiyu azizungulira ndi ngoloyo m'mphepete mwa phula, mvula ikumukwapula.

Apa m'pamene ine ndikuimira kumbali ya khonsolo. Pempho limachokera kwa anthu okhala m'mbali mwa njira, pomwe njira ndi ya anthu oyendamo. Magulu awiriwa si amodzi. Oyamba aja ali ndi mayina, ma adiresi, mapepala a malo, ena ali ndi maloya. Achiwiriwa angodutsa, sadziwana, ambiri sadziwa n'komwe kuti kuli msonkhano, chifukwa chidziwitso chake ndi kachikwangwani kokhomedwa pamtengo, zilembo zake zing'onozing'ono ngati za pa botolo la mankhwala. Khonsolo ikamaweruza pempho lililonse palokha, lililonse limaoneka lopanda vuto. Kanjira kamodzi kokha, n'chiyani? Chaka chamawa kena, chinacho kena. Podzazindikira, dera lonse mulibe njira yachidule, mwana wopita kusukulu ya pafupi akufunika galimoto. Kuimitsa kaye ndi mpata wokhawo woti munthu atambasule mapu onse patebulo n'kuona zomwe zapita kale ndi zomwe zatsala.

Ndipo msewu ukapita, wapita. Madzi akatayika saoleka. Boma likadzaufunanso patapita zaka, mwina kuti liikepo ngalande kapena njira ya njinga, liyenera kuugula pamtengo wa tsiku limenelo, galaja ndi mpanda zili pomwepo, mwini wake atagwira loya padzanja. Mitengo ya malo kuno kwa Seattle mukuidziwa inu amene mumalipira lendi. Chimene khonsolo igulitsa lero pamtengo wa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito, mawa idzachigula pamtengo wa nyumba.

Amene munali kuno mu 2016 mukukumbukira za msewu wa Occidental Avenue mumzinda wa Seattle. Chris Hansen, mkulu wa ndalama zake, ankafuna kumanga bwalo la basketball m'dera la SoDo, pafupi ndi doko, kuti timu ya mu ligi yaikulu ya NBA ibwerere, poti timu ya mzindawu, SuperSonics, inasamukira ku Oklahoma City mu 2008 ndipo anthu mtima unali ukuwawabe. Bwalolo linkafuna kuti kachigawo ka msewu umenewu kachoke m'manja mwa mzinda. A kudoko ndi ogwira ntchito yotsitsa katundu m'sitima anakana, ati malole a makontena adzadutsa kuti pa tsiku la masewera. Pa 2 May makhansala anavota, asanu anakana, anayi anavomera. Asanu okanawo onse anali amayi, ndipo zotukwana zomwe analandira kuchokera kwa okonda masewera sindingazilembe pano, pali ana. Anthu ankalankhula ngati mzinda watha. Patapita zaka zisanu, mu 2021, bwalo lakale la masewera la KeyArena linatsegulidwanso litamangidwa mwatsopano ngati Climate Pledge Arena, timu ya Kraken ikusewera hockey mmenemo, Occidental nayo ikadali msewu. Sindikunena kuti amayi aja anali aneneri, ndipo timu ya NBA sinabwererebe. Ndikungoti "ayi" wawo anasiya khomo lotsegula, pomwe "inde" akanalitseka ndi simenti.

Chinanso chomwe ndimachikonda m'lamulo lomweli ndi choti limaumitsa zinthu kwambiri msewu ukakhala wothera kumadzi. Sangoupereka wamba. N'chifukwa chake mu Seattle muli timalo toposa 100 pomwe msewu umakathera m'mphepete mwa nyanja, ku Lake Washington, Lake Union ndi kwina, ndipo iwe wa lendi ukhoza kukakhala pamwala n'kuviika mapazi m'madzi, nyumba za mamiliyoni zili uku ndi uku zikukuyang'ana. Ine ndimapitako ndi ana Lamlungu. Pakanapanda chitetezo chimenecho bwenzi eni nyumbazo atameza timalo tonse kalekale, aliyense ndi chifukwa chake chomveka bwino ngati cha mdala wanga uja.

Koma mdalayu ali ndi mfundo imodzi yomwe inanditseka pakamwa. Anati, "Amazon itafuna tinjira ku Denny Triangle inapatsidwa. Ine ndikufuna kadera koimika galimoto imodzi, akuti ndidikire." Ndi zoona, kampaniyo inapatsidwa tinjira ta pakati pa mabuloko m'dera limenelo la mu Seattle pomwe inamanga nsanjika zake, posinthana ndi zinthu zina zothandiza anthu monga njira za njinga. Ndi mzinda wina, khonsolo ina, koma kwa munthu wamba boma ndi boma basi. Akulu a ndalama akapempha, amabwera ndi zithunzi zokongola za mitengo ndi mabenchi, amakhala pansi ndi akuluakulu kumwa khofi. Wamng'ono amatumizidwa ku windo nambala 3. Ngati kuimitsa kumeneku kudzakhale ndi kakhomo kakumbuyo kolowera akuluakulu, ndiye kuti mdalayu akunena zoona ndipo ine ndidzakhala woyamba kumupepesa.

Zonsezi zinandikumbutsa kwathu, ngakhale kwathu nkhani yake imayenda chammbuyo. Kumeneko munthu sapempha. Umangodzuka m'mawa n'kupeza njerwa zaunjikidwa panjira. Komwe ndinakulira kunali njira yodutsa pakati pa mapuloti awiri yopita kumjigo ndi kuchigayo. Ndinapita kukaona makolo, ndinapeza mpanda wautali, pamwamba pake magalasi osweka, geti lachitsulo, galu akuuwa mkati. Mayi anga, ndi mawondo awo aja, tsopano amazungulira mtunda wowirikiza. Nditafunsa anangoti, "Anagula amenewo, mwanawe, tingatani." Sanagule njira, anagula puloti, njirayo anangoiphatikiza. M'misewu ikuluikulu ngati M1 lamulo linasiya mamita 60 kuti akhale a msewu, koma tonse tinaonapo magolosale omangidwa mphuno ili paphula, kenako X wofiira pakhoma msewu ukamakuzidwa, kenako kulira ndi kukangana za chipukuta misozi. Ndiye mdala wanga akamadandaula kuti akumudikiritsa pomwe anasainitsa anthu, analipira woyeza, anapita ku ofesi, ine mbali ina ndimamuchitira kaduka. Kuno njira ili ndi poti n'kuitetezera isanapite.

Tsono khonsolo nayo isaone ngati ndaipatsa ulemu waulere. Kuimitsa kuli ndi mitundu iwiri. Kwina ndi kwa munthu amene waima kuti ayang'ane bwino, kwina ndi kwa munthu amene wangotopa ndi mafayilo. Pankhani za malo ndi zomanga, malamulo a kuno amalola kuimitsa kwa miyezi 6, kapena chaka ngati pali ndondomeko ya ntchito yoti igwiridwe, ndipo anthu ayenera kumvedwa pasanathe masiku 60. Ine ndikufuna muyeso womwewo pano. Atiuze tsiku lomwe kuimitsaku kudzathe. Atumize anthu adzaime pa tinjirati m'mawa ndi madzulo awerenge odutsa, osangoyang'ana chithunzi cha satelayiti muofesi n'kunena kuti pali udzu wokhawokha. Zidziwitso azitumiza kwa okhala m'nyumba, osati kwa eni nyumba okha, ndipo azilembe m'zilankhulo zomwe anthu a m'mafulati aja amalankhula. Amene analipira kale ndalama pempho lawo lili m'njira, awathandize kapena awabwezere.

Ndipo chachikulu, ngati kanjirako ndi ka boma, boma likasamale. Simunganene kuti "ndi kathu, sitigulitsa" kwinaku munthu wa zaka zopitirira 70 ndiye akulimbana ndi minga ndi matiresi a anthu. Theka la mapempho otere, mmene ndikuonera ine, amabadwa chifukwa cha kutopa, osati dyera. Thirani miyala, ikani babu limodzi, bwerani ndi lole kamodzi pamwezi. Mudzaona ena akubweza okha mafayilo awo m'kabati.

Ndinamuuza mdalayu zonsezi, payipi ya madzi ili m'manja, galimoto itauma sopo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndi mwana wanga amene amasiya mapepala a masiwiti pafupi ndi mpanda wake. Ndinavomera, ndi iyeyo, ndipo madzulo ake anakatola onse. Msonkhano wa khonsolo uliko Lachiwiri likudzali nthawi ya 6 madzulo, aliyense amapatsidwa mphindi zitatu. Iye akalankhula zake, ine ndikalankhula zanga. Wati tikwere galimoto yake chifukwa kumeneko poimika m'povuta, ndipo ndamupempha kuti tidzere kumafulati tikawatenge mayi a ngolo aja ngati apeza wowasiyira mwana.