Kulapa kwenikweni kumafika mpaka pa sikelo

Maganizo anga, abale ndi alongo a kuno ku Nkhotakota: ambirife timaulula machimo sabata ndi sabata koma sitikukula mu uzimu, chifukwa kulapa kwathu kumathera pakhomo la tchalitchi.

Lamulungu timanena pamodzi kuti tachimwa m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita. A Anglikani amatero asanalandire Mgonero, Akatolika amapitanso kwa bambo mfumu kukalapa, a CCAP amadzikonzekeretsa Mgonero ukayandikira. Zonsezi n'zabwino, ndipo 1 Yohane 1:9 akutilonjeza kuti tikavomereza machimo athu Mulungu amatikhululukira ndi kutiyeretsa. Koma mawu akuti "tachimwa" amapepuka tikamawanena chigulu. Olemera ndi akuti "ndinalakwira uje, ndinam'dyera zakezake."

Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, sanangoti ndine wochimwa. Pa Luka 19:8 anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apatsa osauka, ndipo aliyense amene anam'bera am'bwezera kanayi. Sikuti ankagula chikhululukiro ayi, Yesu anali atalowa kale m'nyumba mwake. Kubwezako kunali chipatso cha mtima umene watembenuka. Ngakhale m'chilamulo cha Mose, pa Numeri 5:7, wolakwira mnzake ankayenera kuulula, kubweza zonse, n'kuonjezapo limodzi mwa magawo asanu.

Tsono tiyeni tibwere kwathu kuno. Venda amene amagula mpunga kwa alimi a ku Bua ndi sikelo yoikonza kuti izinama, Lamulungu ali kutsogolo kuimba kwaya. Wogula usipa kunyanja ali ndi ndowa ziwiri, yaikulu yogulira, yaing'ono yogulitsira. Wa katapila wagwira khadi la kubanki la munthu wodula nzimbe ku Dwangwa, mwezi ukatha mwini malipiro amabwerera kunyumba chimanjamanja. Mwamuna akamwalira, achibale ake, ena mwa iwo akulu a mpingo, amanyamula malata, ukonde ndi bwato, mayi wamasiye n'kutsala ndi ana okhaokha, chikhalirecho lamulo la mu 2011 lokhudza chuma cha masiye linaletsa kulanda kotere. Miyambo 11:1 imati sikelo yonyenga imam'nyansa Yehova. Nanga ndi liti tinamvapo munthu ataimitsidwa Mgonero chifukwa cha sikelo?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mwambo wa mpingo umagwera amene tchimo lake likuoneka ndi maso. Mtsikana akatenga pathupi asanakwatiwe, aliyense amadziwa kuti waswa lamulo lachisanu ndi chiwiri, amadulidwa, amayamba kalasi, nthawi zina mnyamatayo osafunsidwa n'komwe. Lachisanu ndi chitatu, loletsa kuba, timalilumpha. Chonsecho mneneri Natani anapita kwa mfumu Davide, mwini mphamvu, n'kumuuza maso ndi maso kuti wachimwa. Salimo 51, limene timalikonda pa nyengo ya Lenti, linabadwa pamenepo.

Sindikunena kuti aliyense aziima kutsogolo kwa mpingo kuyala zonse za moyo wake. Pali zina zoti zikanenedwa pagulu zimapweteka anthu osalakwa, ndipo tikudziwa kuti nkhani yonenedwa m'mapemphero a m'mawa imafika pa mjigo dzuwa lisanalowe. Yakobo 5:16 akamati tiululirane machimo, akuonjezanso kuti tipemphererane kuti tichire. Pezani munthu mmodzi wosunga pakamwa, abusa kapena mayi wachikulire wa m'chigwirizano. Koma ngati pali amene munam'lakwira, Mateyu 5:23-24 ndi womveka: siyani chopereka chanu paguwa, kayanjaneni naye kaye.

Kubweza pakokha sikukwaniranso. Yudasi anabweza ndalama zasiliva 30 zija, koma anataya mtima n'kukadzimangirira. Petro anakana Ambuye katatu, analira kwambiri, koma sanathawe abale ake, ndipo m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya Yesu anam'patsa nkhosa zake kuti azidyetse. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 akusiyanitsa chisoni chimene chimam'bwezera munthu kwa Mulungu ndi chisoni cha dziko chimene chimapha.

Kuno timakhala khomo ndi khomo ndi abale athu Achisilamu, timagulitsana nsomba pa Chia, timakongozana. Chikhristu chathu amachiona pa muyeso ndi pa ngongole, osati pa yunifolomu ya mvano.

Pempho langa kwa inu abusa ndi akulu a mpingo: pokonzekera Mgonero wotsatira, funsaninso za sikelo, za ngongole ndi za katundu wa amasiye. Ndipo inu amene wina adzakugogoderani usiku atanyamula ndalama zanu zimene anadya kalekale, m'landireni, mum'patse mpando, nkhaniyo ithere m'nyumba momwemo.