Kodi njerwa zimenezo anaumba ndani?

Lamulungu lapitali mtima wandiwawa. Mkulu wina analalikira nthawi yaitali za mmene mpingo unayambira m'dziko muno, ndipo dzina lililonse lotuluka m'kamwa mwake linali la mzungu. Laws, Scott, Henderson, Murray, basi. Munthu wakuda ndi mmodzi yemwe ayi! Ngati kuti makolo athu anangokhala pakhonde n'kumaonerera tchalitchi chikumera chokha.

Amishonale aja sindikuwanyoza. Anasiya kwawo, ambiri anafa ndi malungo kuno, ndipo manda awo alipo ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Ulemu wawo alandire. Koma mutu umodzi susenza denga.

Henry Henderson posankha malo a mishoni ya Blantyre mu 1876, anayenda ndi ndani? Ndi Tom Bokwito, amene ankamumasulira mawu. Popanda iyeyu akanalankhula bwanji ndi Mfumu Kapeni? Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. David Clement Scott anatsogolera ntchitoyo ngakhale sanaphunzire zomangamanga, inde, koma dothi anaponda ndani? Njerwa anaumba ndi kuwotcha ndani? Anakwera pamwamba paja kukayala njerwa ndani? Manja akuda, abale, manja a agogo athu.

Nanga William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale, sukulu ya mishoni ya ku South Africa? Ndi iye amene anakhala pakati pa Angoni a M'mbelwa chifukwa chilankhulo chake ankachimva, ndipo anamwalira komweko mu 1886. Albert Namalambe anabatizidwa mu 1881, n'kutsala akusamala ntchito ya ku Cape Maclear anzake atasamukira ku Bandawe. Harry Kambwiri Matecheta anadzozedwa ubusa mu 1911. Mayina amenewa sanamveke ngakhale kamodzi. Mwina n'chifukwa choti mabuku analemba ndi azungu omwewo, koma ifeyo tili ndi pakamwa. Mpingo umenewu makolo athu anausenza pamutu, anauyendera wapansi mudzi ndi mudzi, anauphunzitsa pansi pa mitengo. Ndi wawo.

Ndipo chinanso. Ana athu ku Sande sukulu timawaloweza nyimbo ndi mavesi, koma funsani mmodzi kuti woyamba kubatizidwa pampingo pawo anali ndani, angokuyang'anani. Mabuku akale a ubatizo akudyedwa ndi chiswe m'makabati, ife tili kalikiliki kusonkhetsa za matailosi!